Tsiku limene ndinalira munthu wamoyo ku Chelstone

Ntchito ya mawu inandipeza ndili pabenchi ya kuchipatala, ndikudikira mafizo. Sindinaifunefune ayi. Masiku amenewo chimene ndinkafuna chinali choti mwendo wanga wakumanja uvomere kupinda, basi.

Ndisanavulale ndinali wa zisudzo za pabwalo. Gulu lathu linkayenda m'misika ndi m'makomboni a mu Lusaka, ndipo siteji yathu inali kumbuyo kwa lole. Tikafika kumsika wa Soweto tinkayamba ndi ng'oma kuti anthu asiye tomato ndi kapenta abwere, kenako sewero, kaya la kolera kaya la nkhanza za m'banja, malinga ndi amene watituma. Ine ndinkadziwika ndi gawo la mkazi wolongolola wothamangitsa mwamuna wake ndi mthiko. Sewero likafika pokoma ndinkadumpha kuchoka palole n'kutera pakati pa anthu, iwo n'kumwazikana akuseka. Tsiku lina mvula itangokata, thabwa linali lonyowa, phazi linaterereka ndisanadumphe bwino, ndipo ndinagwera chiuno pamwala wa m'mbali mwa ngalande. Anthu anaseka kuposa masiku onse poganiza kuti ndi sewero lomwelo. Ine ndili gone pansi ndinkakumva kusekako, mawu osatuluka.

Madokotala anandiika chitsulo m'ntchafu, ndipo ndinabwerera kwa makolo ku Kabwata ngati mwana wakhanda wofunika kusambitsidwa. Bambo ndi telala, anabwera kuchokera ku Mangochi ali mnyamata, ife tonse tinabadwira konkuno. Kwathu ndife Asilamu, ndipo kubuma si khalidwe lathu ngakhale pamaliro. Misozi imaloledwa, kukuwa ayi. Mayi akandiona nkhope yagwa ankangoti ndithokoze Mulungu kuti msana unapulumuka, ndipo ndinkathokozadi. Ndinkaswali nditakhala pampando chifukwa kugwada kunali kosatheka. Anzanga a gulu lija ankabwera kudzandiona poyamba, kenako ndinangomva kuti mthiko uja waperekedwa kwa mtsikana wina wa miyendo yonse. Sindinawaimbe mlandu, koma zinandipweteka kuposa chitsulo.

Pakamwa pokha ndi pamene panakana kulumala. Pabenchi ya mafizo paja, mzere ukatalika, ndinkasangalatsa anzanga potengera mawu a kondakitala wa minibasi, a mlaliki wa m'basi, ndi a namwino wina waukali amene tonse tinkamuopa. Tsiku lina ndikuchita zomwezo ndinaona mkulu wina wa pawilitcheya akuseka ndi mbali imodzi ya kamwa, mbali inayo ili duu. Bambo amene ankamukankha anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa:

"Ba sisi, mau aya muyasebenzesa kuti?"

Ndinayankha kuti ndimawagwiritsa ntchito pabenchi pomwepo, mwaulere. Anaseka, n'kundiuza kuti iwo ndi Ba Chanda, ali ndi situdiyo yojambulira mawu ku Chelstone, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya mkulu uja. Mkuluyo anali Bashi Mwansa, mwini malo, amene anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, sitiroko n'kudzawamanga mbali imodzi ndi lilime lomwe. Ba Chanda ankawathandiza ndi galimoto masiku a mafizo. Anati ndikapite ndikayese.

Kuchokera ku Kabwata kupita ku Chelstone ndi mabasi awiri, ndipo munthu wa ndodo amaphunzira msanga kuti kondakitala wabwino ndi uti. Situdiyo yake inali kachipinda kamene anakagawa pawiri ndi galasi. Mbali ina kunali Ba Chanda ndi kompyuta, mbali ina kunali kolankhulira, kumene makoma anawamata ndi masiponji ndi mathireyi a mazira kuti mawu asabwerere. Pakati panali maikolofoni, kutsogolo kwake kansalu kozungulira ngati sefa ya tiyi, kotchinga mpweya wa pakamwa kuti usaphulikire m'makina. Anandiphunzitsa kuima kutali ndi maikolofoni mlingo wa chikhatho chotambasula. Anandivulitsa zibangili. Mapepala a sewero ankayalidwa pathaulo kuti asachite phokoso, chifukwa kutembenuza pepala kumamveka ngati munthu akuthyola nkhuni. Ukalakwitsa sumapepesa, umangowomba m'manja kamodzi kuti pakompyuta paoneke chizindikiro, n'kubwereza chiganizocho. Madzi ozizira ayi, ofunda okha. Ndipo usabwere ndi njala, chifukwa maikolofoni imamva ngakhale kulira kwa m'mimba, ndipo ilibe chinsinsi.

Zonsezi ndinazigwira msanga. Chimene chinandikanika chinali ntchito yeniyeniyo. Zaka zonse ndinazolowera kuponya mawu kuti akafike kwa mayi wogulitsa makala kumapeto kwa msika. Ndikangotsegula pakamwa, timagetsi ta pakompyuta tinkachoka kobiriwira n'kukagunda kofiira, Ba Chanda n'kuvula mahedifoni akugwira makutu.

"Ba Asiyatu, osapunda, osakuwa," ankatero. "Kuno si ku Soweto. Kambani monga mukamba na muntu umozi chabe, ali pafupi, ndipo mutu umubaba."

Ndikatsitsa mawu, ankatuluka ozizira ngati munthu wowerenga chidziwitso. Ndinazindikira kuti luso langa lonse linali m'chiuno, m'maso ndi m'miyendo. Kukwiya ndinkakwiya ndi phewa, kudabwa ndinkadabwa ndi nsidze. Tsopano ndinali pampando, ndodo itatsamira khoma, popanda munthu ndi mmodzi yemwe woti aseke kapena kuwomba m'manja, ndikungoyang'anizana ndi kachitsulo. Madzulo ambiri m'basi ndinkadzifunsa ngati ndidakali wa zisudzo, kapena ngati Ba Chanda akungondisunga mwachifundo ngati mmene amakankhira wilitcheya ija.

Miyezi yoyambirira anandipatsa tintchito ta malonda: sopo, mafuta ophikira, sukulu ya mkaka. Kenako kunabwera sewero lalitali la pawailesi lonena za ngozi za pamsewu, ndipo Ba Chanda anandipatsa gawo lalikulu, la mkazi wa dalaivala wa minibasi. Otituma anali bungwe lina la ku Kabulonga. Mayi wa ku ofesi yawo atamvera zigawo zoyamba ananena mwaulemu kuti mawu anga akuwamva bwinobwino koma sakumukhudza, ndipo ndi bwino apeze wina. Ba Chanda sanandibisire. Anati apempha mwayi umodzi, chigawo chimene dalaivala uja wafa pangozi ndipo mkazi wake akulira maliro. Chikatuluka bwino gawolo ndi langa, chikakanika ndibwerera ku sopo. Ine mumtima ndinadziwa kuti chikakanika sindibwerera ngakhale ku sopoko, ndikakhala pakhonde la bambo ndizisokerera mabatani.

Tinajambula mwezi wa Okutobala, masana, dzuwa likuswa mtengo. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, makina akuyendera batire, choncho fani sinkatheka. M'kachipinda ka masiponji kaja munali ngati mu uvuni. Ba Chanda anaona thukuta likutsika m'khosi mwanga n'kunena kuti titsegule chitseko ndi zenera, poti maliro a m'sewerolo amachitikira panja, ndipo nkhuku ndi mbalame zikalowa m'makina zingokometsa. Ndinavomera mosangalala. Palibe mwa ife amene anaganiza zoti mawu amene alowetsa nkhuku angathenso kutuluka. Bana Mwansa, akazi a mwini nyumba, anali atapita ku Soweto kukapikula ndiwo zokagulitsa pakantemba kawo ka pakhomo. Anasiya chitseko cha nyumba chosakhoma, amuna awo ali pabedi ndi kapu ndi sipuni, kuti akafuna kanthu agogode ife timve.

Ndinayamba kulira mmene ndinkamvera anthu akulira pamaliro a anansi ku Kabwata. Ndinakokera mawu, ndinagwedeza mutu, ndinaika ndi kasisima. Ba Chanda anaimitsa makina n'kunena kuti ndikulira ngati munthu amene akudziwa kuti akumuonera. Tinabwereza, anaimitsanso. Tinabwerezanso kangapo mpaka kukhosi kunayamba kuwawa. Kenako anandifunsa mofatsa ngati ndinalirapo munthu chikhalire. Ndinati kwathu sitibuma. Ndinaona pankhope pawo kuti ayamba kuganiza za mawu oti akandiuzire mosandipweteka.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinakankhira mpando kumbali, ndinaimirira popanda ndodo, n'kuponda ndi mwendo wodwalawo thupi lonse. Ululu unakwera kuchokera m'bondo mpaka m'chiuno, ndipo pamodzi ndi ululuwo kunabwera kuseka kuja kwa ku Soweto, ndi miyezi yonse imene ndinakhala ndikuthokoza Mulungu mano ali gwa. Ndinawakodola Ba Chanda ndi dzanja kuti ayatse makina. Mawu a papepala anali ochepa: "Bamuna banga, mwanisiya na ndani ine? Mayo ine, mwanisiya na ndani?" Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga sindinachimvepo. Sichinali chokongola ayi. Chinkathyoka, chinkabanika, chinkayambiranso, ndipo sindinathe kuchiletsa ngakhale mawu a papepala atatha. Kuseri kwa galasi Ba Chanda anangowerama, dzanja lili pakamwa, osaimitsa makina.

Nditatha ndinavula mahedifoni, ndipo ndinadabwa kuti kulirako kukupitirira. Ndinayamba ndaganiza kuti Ba Chanda akundibwezera zimene tajambula. Koma iwonso anali atavula awo, maso ali tong'o. Kulirako kunkachokera panja.

Tinatuluka, ine ndikutsimphina pambuyo. Pabwalo panali patadzaza azimayi atamanga zitenje ndi mipango, ena akulowa pageti manja ali kumutu, akulira ndi mtima wonse. Azibambo anali atayamba kale kutulutsa mipando ya pabalaza, monga zimakhalira pamaliro kuti azimayi apeze pokhala pansi. Wina anali atapita kukafuna nkhuni. Aliyense mumsewu umenewo ankadziwa kuti m'nyumbamo muli wodwala, ndiye atamva mkazi akulira mwamuna wake, panalibe chofunsa. Polira mawu a akazi amafanana. Ba Chanda anayesa kukweza manja kuti afotokoze, koma anthu anaganiza kuti nawonso chisoni chawagwira. Zinatha pamene mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwawo analowa kuchipinda kuti akakonze thupi, n'kupeza thupilo likumuyang'ana, sipuni ili m'manja. Bashi Mwansa anali atagogoda kapu ija mpaka kutopa, ife mahedifoni ali m'makutu.

Anthu ena anayamba kuseka, ena kukalipa. Zikanathera pomwepo bwenzi lero ili nkhani yoseketsa chabe. Koma mnansi wina anali ataimbira kale foni Bana Mwansa kuti abwere msanga, kunyumba sikuli bwino. Anasiya katundu yense kumsika, anakwera takisi, ndipo atafika n'kuona mipando panja anadziponya pansi pageti. Ndinawaona ndi maso anga akugubuduzika m'fumbi, akuitana dzina la mwamuna wawo limene ine sindinalimvepo. Anthu anachita kuwagwira n'kuwauza m'khutu mobwerezabwereza kuti ali moyo. Atamvetsa anathamangira m'nyumba, anakakhalamo kanthawi, kenako anatuluka fumbi lili kumaso, n'kutiyang'ana ife awiri.

"Mwalila bamuna banga bakali moyo," anatero. Sanakweze mawu. "Ba Chanda, mwezi ukasila muchose vintu vanu. Na uyu mukazi asapondenso pano."

Kulira munthu wamoyo ndi malodza, ndipo ngakhale ine wosabuma ndinkadziwa zimenezo. Ba Chanda anapepesa, sanamvedwe. Anthu anabwezera mipando m'nyumba n'kumabalalika mwamanyazi. Ine ndinakhala pakhonde la situdiyo. Ndinali nditangopeza chinthu chimene ndinachifuna miyezi yonse, ndipo chinthu chomwecho chinali chitagwetsa mayi wosalakwa m'fumbi ndi kuchotsetsa munthu amene anandikomera mtima. Ba Chanda anati tipite andisiye pasiteji ya basi. Ndinati ayi, ndiyambe ndalowa.

Ndinaodira pakhomo la kuchipinda, palibe anayankha, ndinalowabe. Bana Mwansa anali atakhala m'mphepete mwa bedi akupukuta amuna awo kumaso ndi kansalu konyowa. Munthu wamkulu supepesa utaimirira, ndipo ine ndinali ndisanagwadepo chivulalire. Ndinagwira ndodo ndi manja awiri n'kuyamba kutsika. Bondo lamanzere linafika pansi, lakumanja linakana, ndipo ndinangogwera chammbali ngati thumba la makala, ndodo n'kugubuduka. Ndinapepesa ndili pomwepo. Ndinati kulakwa ndi kwanga, asawachotse Ba Chanda, ine sindidzabweranso.

Bana Mwansa sanandiyang'ane. Amene analankhula anali amuna awo. Mawu awo ankatuluka olemera, osamveka, ndipo munthu yekhayo amene ankawamva anali mkazi wawo. Choncho ngakhale anali okwiya, anayenera kumasulira. Anati akufunsa kuti kunabwera ndani ndi ndani. Anayamba kuwatchula monyinyirika: azimayi a kutchalitchi, bambo wa pagolosale, aphunzitsi opuma a nyumba ya pakona, ngakhale mnansi amene anakangana naye zaka zambiri chifukwa cha ngalande ya madzi. Ameneyo ndiye anali patsogolo kunyamula mipando. Bashi Mwansa anamvetsera, msozi ukutsika m'diso limodzi, n'kunenanso kanthu. Bana Mwansa anachedwa kumasulira, ndipo atamasulira mawu awo anali atasintha.

"Ati benze kuganiza ati bantu banabaibala."

Chidwalire chawo, alendo anali atachepa mpaka kutheratu. Anthu amaopa kucheza ndi munthu amene sakumumva. Mkulu uja anagona chaka ndi chaka akumva mapazi akudutsa pamsewu, ndipo tsiku limenelo anamva msewu wonse ukumulira. Kenako anatembenuzira diso lija kwa ine, n'kulankhula pang'onopang'ono, moti ndinamva ndekha popanda womasulira.

"Iwe... sunali kulila ine. Wenze kulila mwendo."

Ndinavomera ndi mutu, chifukwa zinali zoona, ndipo palibe munthu wina amene anali atandiuzapo kuti mwendo ungaliridwe. Misozi inangotsika yokha, mwakachetechete, mmene timalirira kwathu. Nditafuna kudzuka zinakanika. Bana Mwansa anandiyang'ana kanthawi, anausa moyo, kenako anabwera n'kulowetsa manja m'khwapa mwanga, bondo lawo litatchinga langa, mmene anawaphunzitsira ku mafizo kuti azidzutsira amuna awo. Anandinyamula mosavuta, anandikhazika pampando, n'kundifunsa ngati ndadya.

Situdiyo sinachoke. Bana Mwansa anaika malamulo awo: kulira kulikonse kuzijambulidwa chitseko chili chotseka ngakhale kutenthe bwanji, ndipo iwo aziuzidwa dzulo lake. Makina anali atagwiranso mawu a azimayi aja akundiyankha chapatali, ndipo Ba Chanda, monga munthu wa ntchito yake, anawasirira kwambiri. Bana Mwansa anakana. Anati maliro a amuna awo sangapite pawailesi, ndipo mbali imeneyo inafufutidwa iwo akuona. Kulira kwanga kokha ndi kumene kunapita ku Kabulonga, ndipo mayi uja sanatchulenso zopeza wina. Chinanso chimene chinasintha n'chakuti anansi, kaya ndi manyazi kaya n'chiyani, anayamba kubwera kudzacheza. Wa ngalande uja ankabwera Loweruka lililonse kudzawameta ndevu.

Papita zaka tsopano. Ndakhala mawu a anthu ambiri pawailesi, a nkhuku ndi a galimoto yolankhula m'makatuni a ana, ndi a mayi amene amakuuzani pafoni kuti mudikire pang'ono. Ndodo ndinaisiya, ngakhale kukazizira chitsulo chimandikumbutsa kuti chilipo. Anthu sandidziwa nkhope, ndipo poyamba zinkandiwawa, pano ayi. Achinyamata akabwera kudzaphunzira ndimawauza za chikhatho, za madzi ofunda ndi za kuwomba m'manja. Koma chachikulu chimene ndimawauza n'chakuti asanatsegule pakamwa adzifunse kuti kuseri kwa khoma kuli ndani. Sumuona, koma alipo, mwina wagona pabedi, ndipo chimene unene achitenga ngati choona.

Bashi Mwansa anamwalira nyengo yozizira, patapita chaka ndi miyezi kuchokera tsiku lija. Ndinapita kumaliro nditafunda mpango wanga, ndikuganiza zokakhala pakona mwakachetechete. Linali tsiku lachitatu, lotulutsa maliro. Bana Mwansa anali pamatiresi pabalaza, atalira mpaka mawu kuuma, pakamwa pakungotseguka popanda chotuluka. Atandiona anandikodola ndi dzanja, azimayi n'kundipatsa malo pambali pawo. Anandigwira pamkono n'kundinong'oneza:

"Mau yanga yasila, mwana wanga. Nililileko."

Ndinaganiza za mayi ndi za chiphunzitso cha kwathu, ndipo ndinapempha Mulungu mumtima kuti andimvetse. Bokosi likutuluka pakhomo ndinawalirira amuna awo, iwo atatsamira paphewa langa, milomo yawo ikutsatira mawu anga mpaka galimoto inanyamuka.